Kodi mapepala ovotera amayenda bwanji kuchoka ku Dubai mpaka pa sukulu ya kwathu?

Funso: "Bambo, ndine mayi wa kumudzi m'boma la Phalombe. Pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 ndinavotera pa sukulu ya pulaimale ya kwathu. Kutatsala masiku ochepa ndinaona lole ikutsitsa mabokosi ndi matumba, apolisi ali pomwepo, ndipo katunduyo anagona m'kalasi. Mwana wanga wamwamuna akuti mavoti amabedwa nthawi imeneyo. Akuti mapepala amabwera kuchokera kunja ena atachongedwa kale, n'chifukwa chake iye sanapite kukavota. Ku mpingo andisankha m'komiti yophunzitsa anthu za ufulu wawo, koma ndikusowa chomuyankha ngakhale mwana wanga yemwe. Kodi a bungwe loyendetsa zisankho la MEC amakonzekera bwanji chisankho, ndipo tingadziwe bwanji kuti katunduyu sanasokonezedwe m'njira? Nanga n'chifukwa chiyani tinadikira sabata yathunthu kuti timve yemwe wapambana?"

Mayi, mtima ukhale m'malo. Zimene munaona pa sukulupo, lole kufika masiku asanakwane, apolisi kulondera, katundu kugona m'kalasi lokiyidwa, ndi mmene zimayenera kukhalira. Ndikanada nkhawa mukanandiuza kuti loleyo inafika m'mawa wa tsiku lovota anthu ali kale pamzere. Ndagwira ntchito ya chisankho kuyambira 1999, poyamba ngati kalaliki wopaka anthu inki pa chala, kenako mkulu wa pamalo ovotera, ndipo m'zaka zaposachedwa ndakhala ndikuphunzitsa anzanga ntchito yomweyi. Mwana wanuyo musamukalipire. Mantha ake ali ndi pochokera, poti dziko lino linaonadi chisankho cha mtsogoleri chikuthetsedwa ndi khoti. Kungoti malo amene iye akuwakayikira si amene amavuta kwenikweni, ndipo ndikufuna ndikuyendetseni njira yonse kuti muone nokha pomwe pamafunika maso.

Ntchito ya chisankho cha 2025 inayamba mu 2021, pomwe bungwe la MEC linayamba kuunikanso malire a madera. Kuchokera mu 1999 tinali ndi madera a aphungu 193, tsopano alipo 229, ndipo mawodi a makhansala anachoka pa 462 kufika pa 509. Kwa inu ovota mwina chinangosintha ndi dzina la dera. Kwa wolongedza katundu ndi nkhani yaikulu, chifukwa dera lililonse lili ndi pepala lakelake la aphungu, wodi iliyonse ili ndi lakelake la makhansala. Pepala la mtsogoleri wa dziko lokha ndi limene limafanana kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Mukawonkhetsa mupeza mitundu ya mapepala yoposa 700, ndipo phukusi la wodi ya ku Mulanje likasochera n'kufika kwanu ku Phalombe, tsiku limenelo simuvotera khansala ngakhale zina zonse zili bwino.

Malire akadziwika pamabwera kalembera. Akulu anati m'mera mpoyamba, ndipo pa chisankho m'mera wake ndi kaundula wa ovota. Kalembera wa chisankho chapitachi anachitika m'magawo atatu kuyambira mu Okutobala mpaka mu Disembala 2024. Amagawa chonchi chifukwa makina ndi anthu ogwira ntchito sangakwanire dziko lonse nthawi imodzi, ndiye akamaliza maboma ena amanyamula zonse n'kupita kwina. Lamulo la zisankho la 2023 linati munthu alembetse pogwiritsa ntchito umboni woti analembetsa ku bungwe la NRB, lija lopereka ziphaso za unzika, ndipo mukukumbukira mkangano umene unabuka chifukwa cha anthu amene analibe chiphasocho, mpaka kunachitika kalembera wowonjezera kumayambiriro kwa 2025. Pomaliza analembetsa anthu pafupifupi 7.2 miliyoni. Chiwerengero chimenechi ndi chomwe chimabala zina zonse. Ndi chimene chimauza bungwe kuti pa sukulu yanu pakhale mizere ingati, mapepala angati, mabokosi angati, makalaliki angati, mabotolo a inki angati, nyali zingati, mpaka malita a mafuta a galimoto yobweretsa zonsezi. Mu 2025 mizere yovotera inaposa 15,000 m'dziko lonse, kutanthauza kuti pa mzere umodzi pamayembekezeka anthu pafupifupi 500. Kaundula akalakwika, kulakwikako kumayenda ndi katundu mpaka tsiku lovota. N'chifukwa chake ndimawauza anthu kuti nthawi yokaona mayina m'kaundula si yoinyozera, ngakhale ambiri amaiona ngati yotaya nthawi.

Sindikubisirani kuti katundu amatha kusowa pa msewu. Mu 2018, pa kalembera wokonzekera chisankho cha 2019, makina amodzi olembera anthu anasowa posamutsidwa, n'kukapezeka m'sitima ya pamtunda ku Mozambique. Nkhaniyo inautsa mapiri pachigwa, ndipo moyenera. Ndaitchula kuti mudziwe kuti okonza chisankho sadalira chikhulupiriro choti palibe chidzasowe. Amadalira kuti chikasowa chidziwike msanga, chifukwa chilichonse chili ndi nambala ndipo pali amene anachisayinira.

Tsiku la chisankho nalo ndi mbali ya kukonzekera. Zisankho zambiri zakale tinkavota mu Meyi, zomwe zinkachititsa kuti misonkhano yokopa anthu ndi kutumiza katundu zichitike mvula itangosiya kumene, misewu ili yokumbika, milatho ina itapita ndi madzi. Mu Malichi 2019 madzi osefukira anathamangitsira anthu ambiri a ku Nsanje, Chikwawa ndi kwanu komweko m'misasa, ena ziphaso zovotera zitakokoloka, chisankho chitatsala miyezi iwiri. Inu amene munaona zimene namondwe Freddy anachita mu 2023 simufunika kuuzidwa mmene msewu umathera usiku umodzi. Tsopano chisankho chimachitika mu Seputembala, pansi pali pouma. Nthawi yotsekera inasinthanso kuchoka 6 koloko madzulo kufika 4 koloko, kuti kuwerenga kuyambe kukuwala. Amene tinawerengapo mavoti ndi nyali imodzi m'kalasi lopanda magetsi tinakondwera nako kusinthaku kuposa wina aliyense.

Tsopano tifike pa mapepala, pomwe pagona nkhawa ya mwana wanu. Sangasindikizidwe mpaka opikisana atapereka zikalata zawo ndi kuvomerezedwa, ndiye nthawi yake imakhala yothina. Mu 2025 opikisana pa mpando wa mtsogoleri wa dziko analipo 17, pepala lake munaliona kutalika. Asanasindikize, zipani zimaitanidwa kukaona chitsanzo, kuti dzina lalembedwa bwino, chithunzi ndi cha munthu wake, chizindikiro ndi cholondola. Mapepala a zisankho zaposachedwazi akhala akusindikizidwa ndi kampani ya Al Ghurair ku Dubai, ndipo zipani zimaloledwa kutumiza nthumwi kukaonerera. Ndege ikatera pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe, nthumwi za zipani ndi atolankhani amakhalanso pomwepo. Mapepalawa sabwera omwazika ngati masamba. Amabwera omangidwa m'timabuku ta mapepala 100, pepala lililonse lili ndi kachitsa kake kokhala ndi nambala kotsalira m'kabuku likang'ambidwa, ndipo maphukusi amakhala omatidwa, olembedwa malo amene akupita.

Mwana wanu mumufunse modekha funso ili: pepala lochongedwa kale lingalowe bwanji m'bokosi? Kalaliki amang'amba pepala m'kabuku pamaso pa mamonitala a zipani n'kulipereka m'manja mwa wovota. Inuyo munalandira atatu tsiku lija. Likanakhala lochongedwa, mukanaliona musanafike n'komwe kobisika kochongera, ndipo phokoso likanayamba pomwepo. Chinyengo chimene chingatheke ndi china, choti wina aponye m'bokosi mapepala oposa anthu amene anabwera. Chotchinga chake ndi masamu osavuta amene aliyense wa m'komiti yanu ayenera kuwaloweza. Tiyerekeze kuti mzere wanu unalandira mapepala 500 a mtsogoleri wa dziko. Madzulo otsala m'timabuku ndi 120, ndipo anthu 3 analakwitsa n'kubweza mapepala awo kuti apatsidwe ena. Ndiye kuti m'bokosi muyenera kupezeka 377, ndipo mayina ochongedwa m'kaundula ayenera kukhalanso 377. Mukapezeka 400, pali nkhani. Mukapezeka 350, palinso nkhani. Wobera ayenera kunamiza kabuku, kaundula ndi bokosi nthawi imodzi, pamaso pa anthu a zipani zodana. Sindikunena kuti n'zosatheka, koma zimatheka pokhapokha oyang'anirawo atagona, atachokapo, kapena atagulidwa onse.

Kuchoka ku bwalo la ndege katundu amagawidwa pawiri. Pali wosaopsa, monga mabokosi opanda kanthu, timisasa tochongeramo, matenti, nyali, zolembera ndi zingwe zopangira mizere. Ameneyu amatsogola masabata angapo. Ndiye pali amene timati wosasiya yekha: mapepala ovotera, kaundula, mafomu olembapo zotsatira, inki yosafufutika ndi timaloko tapulasitiki tokhala ndi nambala totsekera mabokosi. Ameneyu amanyamuka masiku omaliza, moperekezedwa ndi apolisi ndi asilikali a Malawi Defence Force, kupita ku makhonsolo 36 a dziko lino, kuchoka kumeneko kupita ku madera, kenako ku sukulu ngati yanu. Paliponse pamene katundu akusintha manja, wopereka ndi wolandira amawerenga n'kusayinirana. Galimoto zambiri bungwe limabwereka ku maunduna ndi nthambi za boma, zina limachita hayala, ndipo ndi mizere ya mafuta imene tinali nayo mu 2024 ndi 2025, wokonza ulendo amayenera kudziwa kumene lole iliyonse ikamwere isananyamuke.

Pa mapu dziko lathu limaoneka laling'ono, koma kulifikira lonse tsiku limodzi si masewera. Ku Likoma ndi Chizumulu katundu amawoloka nyanja. Pa chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa, pafupi nanu, amafika pa bwato. Ku Tcharo m'boma la Rumphi ndi ku Ruarwe ku Nkhata Bay phiri limatsikira m'nyanja, msewu woti lole idutse palibe. Ku Makhanga ku Nsanje zimatengera mmene Ruo ndi Shire zachitira chaka chimenecho. Chaka china ndili mkulu wa pamalo ovotera, lole yathu inaima pa mtsinje chifukwa matabwa a mlatho anali atathyoka. Kunali cha m'ma 3 koloko masana, sukulu ili makilomita angapo kutsidya. Amfumu a pamenepo anatipezera anyamata a njinga, amayi ena anasenza timisasa pamutu. Thumba la mapepala sitinalipereke kwa munthu. Ndinalisenza ndekha pa phewa, wapolisi pambuyo panga, mamonitala awiri a zipani zosiyana wina kumanja wina kumanzere, aliyense maso pa thumba ndi pa mnzake. Titafika tinawerenga timabuku tonse dzuwa likulowa, tinakwana, onse anasayina m'buku. Usiku umenewo ndinagona pa benchi m'kalasi momwemo, wapolisi atakhala pa mpando pakhomo. Ndikamva munthu akunena kuti katundu akagona pa sukulu ndiye kuti wabedwa, ndimakumbukira mamonitala awiri aja, amene sanalolane ngakhale kupita kukamwa madzi mmodzi kusiya mnzake.

Kuwerenga kumene ndatchulaku ndi chifukwa chenicheni chimene katundu amafikira msanga. Tsiku lovota lisanafike, mkulu wa pamalopo amatsegula maphukusi pamaso pa mamonitala kuti aone ngati zonse zilipo: kaundula ndi wa pamalopo kodi, mapepala a khansala ndi a wodi yomweyo kodi, inki siinaume kodi. Chikasowa, pamakhala tsiku loti galimoto ithamange kukatenga ku khonsolo. Zikatero amamatanso n'kusayina.

Mukafuna kudziwa zimene zimachitika kukonzekera kukalephera, kumbukirani pa 20 Meyi 2014. Chinali chisankho choyamba chapatatu, katundu anachuluka kwambiri. M'malo angapo mumzinda wa Blantyre zipangizo zinafika mochedwa, anthu amene anafola m'bandakucha anapsa mtima, ku Ndirande zipangizo zina zinatenthedwa, ndipo m'malo ena kuvota kunapitirira mpaka masiku awiri otsatira. Makina otumizira zotsatira nawo anakanika, mpaka anayamba kugwiritsa ntchito fakisi ndi kunyamula mapepala pamanja. Chaka chomwecho nyali za gasi ndi matenti tinachita kubwereka ku bungwe la zisankho la ku Zimbabwe. Patangopita miyezi iwiri, mu Julaye, nyumba yosungiramo katundu wa chisankho ku Lilongwe inapsa, momwe munali mavoti a dera la Lilongwe City South East amene khoti linalamula kuti awerengedwenso. Phunziro lake kwa ife a ntchitoyi linali lakuti kuchedwa kwa lole imodzi kumabala mkwiyo, mkwiyo umabala mphekesera, ndipo kusunga mavoti chisankho chitatha n'kofunika chimodzimodzi ndi kuwateteza chisanachitike.

Za anthu ogwira ntchito ndinene mwachidule, ngakhale ndi mbali imene ndimaidandaula kwambiri. Ogwira ntchito okhazikika ku MEC ndi ochepa. Tsiku lovota ntchito imagwiridwa ndi anthu zikwizikwi aganyu, ambiri mwa iwo aphunzitsi. Maphunziro amayenda motsetsereka: akulu amaphunzitsa kagulu, kaguluko kamaphunzitsa ena, enawo amakaphunzitsa makalaliki kutatsala masiku ochepa. Uthenga ukadutsa pakamwa pambiri umasukuluka, ndipo mbali imene imasukuluka kwambiri ndi ya kalembedwe ka mafomu, chifukwa imaphunzitsidwa komalizira anthu atatopa. Palinso vuto lakuti wogwira ntchito amatumizidwa kutali ndi kumene analembetsa. Mu Ogasiti 2025 aphungu anachita kuitanidwanso kuti asinthe lamulo, kuti ogwira ntchito, achitetezo ndi oimira zipani athe kuvotera kumene atumizidwa.

M'mawa wa tsiku lovota, 6 koloko isanakwane, mkulu wa pamalo amanyamula bokosi lililonse, kulizondotsa kuti onse aone kuti mulibe kanthu, n'kulitseka ndi timaloko tija, ndipo monitala wakhama amalemba nambala zake m'kope lake. Madzulo, asanadule, amayerekeza nambalazo. Mavoti amawerengedwa pomwepo pamene anaponyedwa. Ichi chokha chiyankhe mantha oti mabokosi amasinthidwa m'njira, chifukwa bokosi likamakwera galimoto, zotsatira zake zimakhala zitadziwika kale kwa aliyense amene analipo. Ndimakumbukira usiku wina masamu atakana kugwirizana ndi pepala limodzi lokha. Tinawerenga katatu, la mtsogoleri wa dziko limodzi likusowabe. Monitala wina anayamba kukweza mawu, anthu pawindo anayamba kung'ung'udza. Ndinapempha kuti tilembe kusiyanako m'buku, onse asayine, tipitirize. Titatsegula bokosi la makhansala, pepala lija linali momwemo, gogo wina anapinda awiri pamodzi. Palibe anaba, koma tikanalibisa posintha nambala kuti zingogwirizana, tikanayambitsa bodza pamene panalibe mlandu.

Apa ndiye pamene ndikufuna mwana wanu atchere khutu, chifukwa malo ovuta kwenikweni ndi pepala la zotsatira. Chisankho cha pa 21 Meyi 2019 chinali ndi malo ovotera 5,002, katundu anafika bwino, anthu anavota mwamtendere. Koma pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anathetsa zotsatira za mtsogoleri wa dziko, ndipo khoti la Supreme linagwirizana nawo pa 8 Meyi. Zimene zinatuluka m'khoti sizinali za mapepala obwera atachongedwa pa ndege. Zinali za mafomu a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex, manambala olembedwa pamwamba pa anzake, mafomu a dupuliketi ogwiritsidwa ntchito m'malo mwa enieni, ndi ena opanda siginecha ya mkulu wa pamalo. Fomu ikafufutidwa, palibenso angalumbire kuti nambala ya pansi inali chiyani, kaya wofufutayo anali ndi cholinga choipa kapena anangolakwitsa masamu pakati pa usiku. Ine maganizo anga ndi akuti ndalama zambiri ndi maso ambiri timaziika pa ndege ndi pa malole, pomwe ola limene limafunika anthu amphamvu ndi la pakati pa usiku, kalaliki atagwira ntchito kuyambira 4 koloko m'mawa, monitala akuganiza zopita kukagona.

Chisankho chachibwereza cha pa 23 Juni 2020 chinaonetsa kuti phunziro linamveka. Makomishonala atsopano, motsogozedwa ndi Justice Chifundo Kachale, analowa ntchito kutatsala masabata awiri okha, mapepala anafika m'dziko kutatsala masiku owerengeka, matenda a Covid-19 ali pakati pathu. Asilikali anathandiza kunyamula katundu, ndipo zotsatira za maboma zinanyamulidwa pamanja moperekezedwa mpaka ku Blantyre. Zinalengezedwa pa 27 Juni. Zinafulumira chifukwa mpando unali umodzi, bokosi limodzi, fomu imodzi.

Izi zikutifikitsa ku funso lanu lomaliza. Lamulo limapatsa bungwe masiku 8 kuti lilengeze zotsatira za mtsogoleri wa dziko, 14 za aphungu ndi 21 za makhansala. Fomu ya pa sukulu yanu imapita ku malo owonkhetsera a dera, kuchoka apo ku khonsolo, kenako ku malo aakulu, omwe mu 2025 anali ku BICC ku Lilongwe. Manambala amatumizidwa pa makina, koma mapepala enieniwo amayendanso pa msewu, ndipo makomishonala amayenera kuwaona, kuwayerekeza, ndi kuyankha madandaulo onse olembedwa asanalengeze. Kuchokera pa chigamulo cha 2020, wopambana amafunika mavoti oposa theka, ndiye kulakwitsa pang'ono kungasinthe nkhani yoti kukhale chibwereza kapena ayi, ndipo bungwe limayenera kukhala litakonzekeratu chibwerezacho ngakhale chisadzachitike. Wapampando wa MEC pa chisankhocho, Justice Annabel Mtalimanja, analengeza pa 24 Seputembala, tsiku lachisanu ndi chitatu, kuti Peter Mutharika wapambana ndi mavoti 56.8 pa 100 aliwonse. Ndikudziwa kuti kudikira kumawawa, misika imatsekedwa msanga, mphekesera zimayenda pa WhatsApp ngati moto wolusa. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine amene ndinaona zotsatira za changu zikugwa m'khoti ndimasankha sabata ya kudikira kusiyana ndi chaka cha zionetsero.

Pali zina zimene simuyenera kuzilekerera kapena kuthana nazo nokha. Dzina lanu likasowa m'kaundula pa nthawi yoona mayina, pitani ku ofesi ya zisankho ya ku khonsolo nthawi yomweyo, musadikire tsiku lovota chifukwa pamenepo mkulu wa pamalo alibe mphamvu yowonjezera dzina. Vuto likakhala la chiphaso cha unzika, ndi la a NRB, ndipo liyambeni chaka chisanafike. Mukaona phukusi lofika lotsegula, nambala ya kaloko yosiyana ndi ya m'mawa, monitala akuthamangitsidwa, kapena fomu yofufutidwa, dandaulo liperekedwe molemba kwa mkulu wa pamalo pomwepo, ndipo wodandaula asunge kope lake. Dandaulo la pakamwa limatha ndi mphepo. Likapanda kumveka, lipite kwa woyang'anira chisankho wa dera, kenako ku bungwe lenilenilo. M'maboma mulinso makomiti okhalira pamodzi zipani zonse, amene amathandiza mikangano isanakule. Nkhani ikafika poti wopikisana akufuna kutsutsa zotsatira, imeneyo ndi ya khoti la High Court, masiku ake ndi ochepa kwambiri, ndiye loya afunidwe tsiku lomwelo. Pakakhala ziwawa kapena kuopsezana, ndi apolisi. Pa ntchito ya komiti yanu, pitani ku ofesi ya m'boma lanu ya NICE, bungwe lophunzitsa anthu za ufulu ndi zisankho, ali ndi mabuku a Chichewa ndi anthu amene angabwere kudzaphunzitsa ku mpingo kwanu.

Mwana wanuyo ndikanakonda mutamulimbikitsa kuti pa chisankho chikubwerachi, ngakhale chapadera cha khansala, akhale monitala wa chipani chimene amachikonda kapena alowe m'gulu la oyang'anira a mpingo kapena a mabungwe ovomerezedwa ndi MEC. Munthu wokayikira ndi amene timamufuna pa mpando umenewo. Akakhalepo tsiku lotsegula maphukusi, alembe nambala yoyamba ndi yomaliza ya kabuku kalikonse. Tsiku lovota afike 5 koloko isanakwane, atenge kope, zolembera ziwiri, tochi, juzi ndi kamba wokwanira, chifukwa akachoka kukafuna chakudya ndiye kuti mpando wake watsala wopanda maso. Alembe nambala za timaloko m'mawa, aziyerekeze madzulo. Powerenga achite yekha masamu aja a olandiridwa, otsala, obwezedwa ndi opezeka m'bokosi. Asasayine fomu yopanda manambala, asasayine yofufutidwa popanda kufotokozera kolembedwa, ndipo asachoke pa sukulupo, kaya ndi 2 koloko usiku, asanalandire kope lake la zotsatira losayinidwa ndi kuona lina litamatidwa poonekera kuti mudzi wonse udzaliwerenge kukacha.